Ulendo wa ku Quelimane: Tidziteteze ku Dzuwa ndi Piringupiringu wa mu Mzinda

MAU OYAMBA

M'phunziro lino tikambirana za ulendo. Ambiri a ife okhala kuno ku malire a Milange tinabadwira kumudzi. Tinazolowera mphepo ya kuphiri, madzi a pachitsime chathu ndi njira zimene timazidziwa ngakhale usiku. Koma tsiku limafika loti tipite ku mzinda waukulu. Wina atumizidwa ku chipatala chachikulu ndi mwana wodwala. Wina apita kukagulitsa nyemba kapena nandolo. Wina akufuna makalata ku maofesi a boma. Wina aitanidwa ku maliro, kapena akaone mwana wake amene ali pa sukulu.

Mzinda waukulu wa chigawo chathu cha Zambezia ndi Quelimane. Kumeneko munthu wa kumudzi amakumana ndi mavuto awiri: kutentha ndi piringupiringu. Kutentha kungathe kupha munthu, makamaka khanda kapena nkhalamba. Piringupiringu angatitayitse ndalama zimene tinakhetsera thukuta chaka chonse, kapena kutisokoneza mpaka mwana kusochera. Mavuto onsewa tingathe kuwapewa ngati tikonzeka bwino. Tiyeni tiwerenge pang'onopang'ono, ndipo tikatha gawo lililonse tikambirane.

GAWO 1: KWATHU NDI KUMENE TIKUPITA

Ife timakhala kumtunda. Tauni ya Milange ili pa mamita oposa 600 pamwamba pa nyanja ya mchere. Pafupi pomwepa pali phiri la Tumbine. M'boma lathu lomweli muli phiri la Chiperone, lotalika mamita oposa 2,000, ndipo mphepo yozizira yodza ndi nkhungu ndi mvula yowaza ija timaitcha chiperoni chifukwa cha phirili. Kutsidya kwa malire, ku Malawi, kuli phiri la Mulanje. Mapiri amenewa amatipatsa mphepo ndi madzi ozizira.

Quelimane ali kumunsi kwenikweni, m'mbali mwa mtsinje wa Bons Sinais, pafupi ndi pamene mtsinjewo umathira m'nyanja ya mchere ya India. Dziko lake ndi lathyathyathya, la madambo, minda ya mpunga ndi mitengo ya kokonati. Ndi mzinda wakalekale. Vasco da Gama anafika pa mtsinje umenewu m'chaka cha 1498, ndipo David Livingstone anamalizira kumeneko ulendo wake wodutsa Africa m'chaka cha 1856. Mu mzindamu mumakhala anthu oposa 200,000. Eni dziko amalankhula Chichuwabo, ndipo m'maofesi, m'chipatala ndi m'masitolo mumamveka Chipwitikizi.

Kuchokera ku Milange kukafika ku Mocuba ndi makilomita pafupifupi 190. Kuchokera ku Mocuba, kudzera ku Namacurra ndi Nicoadala, kukafika ku Quelimane ndi makilomita pafupifupi 150. Ulendo wonsewu ndi wotsika. Tikamayandikira nyanja, kutentha kumanka kukulirakulira.

GAWO 2: N'CHIFUKWA CHIYANI KUMATENTHA CHONCHO?

Pali zifukwa zitatu.

Choyamba ndi kutsika kwa malo. Mpweya wa kumtunda ndi wozizira kuposa wa kumunsi. Munthu akakwera mamita 1,000, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Choncho tsiku lomwelo, dzuwa lomwelo, Quelimane amatentha kuposa Milange.

Chachiwiri ndi chinyezi. Thupi la munthu limafuna kukhala pa madigiri 37. Likatenthedwa limatulutsa thukuta, ndipo thukutalo likamauma limachotsa kutentha m'thupi. Tonse timaudziwa mtsuko wadothi. Madzi a mu mtsuko amazizira chifukwa timadzi tina timatulukira kunja kwa mtsuko n'kumauma ndi mphepo. Thupi lathu limadziziziritsa chimodzimodzi. Koma kufupi ndi nyanja mpweya umakhala wodzaza kale ndi chinyezi. Thukuta silimauma msanga, limangoyenderera. Thupi limataya madzi ambiri koma silizizira mokwanira.

Chachitatu ndi mzinda weniweniwo. Phula la mumsewu, simenti ndi malata zimasunga kutentha kwa masana ndi kumakutulutsa usiku. Nyumba zothithikana zimatchinga mphepo. N'chifukwa chake mlendo amalephera kugona, namangotembenukatembenuka pamphasa.

Miyezi yotentha kwambiri imayamba mu Okutobala mpaka mu Malichi. Masana kutentha kumapitirira madigiri 30, ndipo masiku ena kumafika mpaka 40. Kuyambira mu Disembala kumagwanso mvula yamphamvu imene imadzaza misewu ndi madzi. Miyezi ya Juni ndi Julaye ndiyo yozizirirapo. Ngati ulendo wathu si wadzidzidzi, tisankhe miyezi imeneyi. Koma matenda ndi maliro sizisankha mwezi, choncho tiphunzire kuyenda ngakhale nthawi ya dzuwa.

GAWO 3: TISANANYAMUKE

Ulendo wabwino umayamba dzulo lake. Madzulo tisanagone tiyale zinthu izi pamphasa ndi kuziwerenga.

1. Chitupa. Nzika ya Mozambique itenge Bilhete de Identidade. Abale athu a kutsidya, a ku Muloza ndi ku Mulanje, atenge pasipoti ndi kudinditsa pa chipata cha malire. Mwana akhale ndi kalata yake yobadwira kapena khadi lake la kusikelo.
2. Ngati tikupita ku chipatala, kalata yotitumiza kumeneko, khadi la wodwala ndi mankhwala onse amene amamwa tsiku ndi tsiku. Titenge okwanira masiku ambiri kuposa amene tikuganiza kukakhala. Mankhwala asakhale padzuwa.
3. Chigubu cha madzi chotsuka bwino, chokhala ndi chotsekera, ndi kapu yathuyathu.
4. Zovala zopepuka, zotakasuka, za thonje, zoyera kapena zowalirapo. Zovala zakuda ndi zanayiloni zimasunga kutentha.
5. Chipewa cha mlaza kapena ambulera. Amayi atenge zitenje ziwiri, zimene anzathu amati kapulana. Chitenje ndi mthunzi, ndi chofunda, ndiponso tikachinyowetsa chimaziziritsa thupi.
6. Neti yoteteza ku udzudzu, ndi sopo.
7. Kamba wosavunda msanga: mtedza wokazinga, chimanga chokazinga, nthochi, mbatata yootcha. Nsima ndi ndiwo zamsuzi zimasasa msanga pakatentha.
8. Pepala lolembapo dzina lathu, mudzi wathu, dzina la mfumu yathu, dzina la wachibale amene tikukafikira, dera limene amakhala ndi nambala yake ya foni.

Pepala limeneli ndi lofunika kwambiri. Foni imatha moto, foni imabedwa, koma pepala limalankhulabe. Tilembe mapepala awiri. Lina likhale m'thumba, lina tisiye kunyumba kuti otsala adziwe kumene tili.

GAWO 4: PANJIRA

Tinyamuke mbandakucha. Galimoto zonyamula anthu, zimene timati shapa, zimanyamuka zikadzaza, ndipo amene afika mochedwa amayenda dzuwa lili paliwombo. Tifunse mtengo wa ulendo ndi wa katundu tisanakwere, ndipo tilipire kwa kondakitala wa galimotoyo, osati kwa munthu wongoitanira. Tione ndi maso athu pamene katundu wathu waikidwa. Pa thumba lililonse tilembe dzina lathu kapena timange kansalu kotizindikiritsa.

M'galimoto anthu amathithikana. Mayi wa khanda, mayi wodwala pakati ndi nkhalamba apatsidwe malo a pawindo, mbali imene dzuwa silikuomba. Khanda lisakhale kumsana m'galimoto. Likhale pamiyendo, ndipo tilivule chipewa chaubweya, masokosi ndi bulangete zimene tinaliveka m'mawa kwathu kukuzizira. Ambiri timaiwala zimenezi. Mwana amene anafundidwa bwino ku Milange amakhala akupsa pofika ku Mocuba.

Ena amakana kumwa madzi panjira poopa kuti afuna kutaya madzi galimoto ikuyenda. Kumeneku n'kudzipha. Timwe pang'onopang'ono, ndipo galimoto ikaima titsike ndi kukadzithandiza. Ku Mocuba, m'mbali mwa mtsinje wa Licungo, ndi kumene misewu yambiri imakumana, ndipo nthawi zambiri timasintha galimoto kumeneko. Tiwerenge ana ndi katundu potsika, tiwerengenso pokwera.

Nthawi ya dzinja tiyambe tamvera wailesi. Mu Januwale 2015 madzi a Licungo anaononga mlatho wa ku Mocuba ndipo msewu unaduka. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwera pafupi ndi Quelimane, nadutsa kwathu kuno mpaka kumwera kwa Malawi. Wailesi ikachenjeza za namondwe kapena kusefukira kwa mitsinje, ulendo udikire.

GAWO 5: MADZI NDI CHAKUDYA

Tisadikire ludzu. Pamene tikumva ludzu, thupi limakhala litayamba kale kuperewera madzi. Munthu wamkulu pa tsiku lotentha amwe malita awiri kapena atatu, ndipo wonyamula katundu amwe oposa pamenepo. Njira yapafupi ndiyo kumwa kapu imodzi ora lililonse. Nkhalamba zambiri sizimva ludzu msanga, choncho tizizipatsa madzi ngakhale zisanapemphe. Amene adokotala anamuuza kuti achepetse madzi chifukwa cha matenda a mtima kapena a impso afunse ku chipatala asananyamuke.

Mkodzo umatiuza zoona. Ukakhala wambiri ndi woyererako, thupi lili bwino. Ukakhala wochepa, wachikasu kwambiri ndi wonunkha, thupi likupempha madzi.

Khanda losakwana miyezi isanu ndi umodzi lisapatsidwe madzi. Mkaka wa m'mawere uli ndi madzi okwanira. Mayi aliyamwitse kawirikawiri, ndipo iye mwini amwe madzi ambiri.

Koma si madzi onse amene ali abwino. Namondwe wa Freddy atapita m'chaka cha 2023, matenda a kolera anagwira anthu ambiri mu Quelimane. Kolera imayenda m'madzi ndi m'chakudya zimene zakhudzana ndi chimbudzi. Choncho madzi akumwa tiwawiritse mpaka abwadamuke kwa mphindi imodzi. Ngati nkhuni kapena makala palibe, tithiremo mankhwala oyeretsa madzi monga Certeza, motsata muyeso wolembedwa pa botolo, ndi kudikira mphindi 30. Pogula madzi a m'botolo tione kuti chotsekera chake sichinatsekulidwepo. Timadzi tozizira tomanga m'timapepala ta pulasitiki timakopa pakatentha, koma sitidziwa chitsime chake. Akulu anati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Ku Quelimane kuli chakumwa chabwino chimene kwathu n'chosowa: madzi a kokonati wamuwisi, amene kumeneko amati lanho. Wogulitsa amuboole ife tikuona. Mowa ndiye ayi. Kachasu, mowa wa m'mabotolo ndi sura, mowa wochokera ku mitengo ya kokonati, zimachotsa madzi m'thupi ndiponso zimachotsa nzeru pamalo pamene nzeru zikufunika.

Chakudya tidye chotentha, chongophula kumene. Nsomba ndi nyama zimene zakhala padzuwa ntchentche zikutera tizipewe. Zipatso tisende tokha. Tisambe m'manja ndi sopo tisanadye, tisanadyetse mwana ndiponso tikachoka ku chimbudzi.

GAWO 6: THUPI LIKATICHENJEZA

Kutentha sikugwetsa munthu mwadzidzidzi. Thupi limayamba lachenjeza.

Zizindikiro zoyamba ndi izi: thukuta lambiri, mutu kupweteka, chizungulire, kufooka, nseru, ndi kukokana kwa minofu ya m'miyendo. Tikaona zimenezi tisaumirire kuyenda. Tikhale pamthunzi, timasule zovala, tigone ndi kukweza miyendo pang'ono. Timwe madzi pang'onopang'ono. Tinyowetse chitenje ndi kupukuta nkhope, khosi ndi m'khwapa. Ngati papita mphindi 30 osapeza bwino, tipite ku chipatala.

Zizindikiro zoopsa ndi izi: thupi kutentha ngati moto, munthu kulankhula zosamveka, kusazindikira anzake, kudzandira ngati woledzera, kukomoka kapena kugwidwa ndi khunyu. Pamenepa thupi lapitirira madigiri 40 ndipo ubongo uli pangozi. Si ufiti ayi, si mizimu ayi. Munthuyo wapsa ndi dzuwa, ndipo angathe kufa tikachedwa. Tichite izi msanga:

1. Timuike pamthunzi, ndipo anthu asamuunjirire.
2. Timuvule zovala zokhuthala.
3. Timuthire madzi ozizira thupi lonse ndi kumukupiza ndi chitenje kapena katoni.
4. Ngati wakomoka timugoneke cham'mbali. Tisamuthire madzi m'kamwa, angatsamwe.
5. Tithamange naye ku chipatala, uku tikumunyowetsabe m'njira monse.

Mwana wamng'ono sanena kuti ndatenthedwa. Tione tokha. Akasiya kukodza, akamalira popanda misozi, maso akalowa m'kati, liwombo likalowa, akakana kuyamwa kapena akangoti lefu, tipite naye ku chipatala nthawi yomweyo.

Wotsekula m'mimba pakatentha amauma msanga koposa. Timupatse madzi a mchere ndi shuga a m'kapaketi, amene m'zipatala za Mozambique amalembedwa SRO ndipo ku Malawi amati Thanzi. Kapaketi tisungunule monga mwa malangizo ake. Ngati kapaketi palibe, titenge lita imodzi ya madzi owiritsa ndi kuwaziziritsa, tithiremo timasupuni ta tiyi 6 ta shuga tosasefukira ndi theka la kasupuni ka mchere. Mchere usapitirire muyeso umenewu. Wodwala azimwa pang'onopang'ono popita ku chipatala. Chimbudzi chikamatuluka ngati madzi otsukira mpunga, imeneyo ingakhale kolera, ndipo tisagone naye m'nyumba kudikira kuti kuche.

Tikumbukenso malungo. Ku madambo a Quelimane udzudzu ndi wambiri. Usiku kukatentha timafuna kugona panja kapena kukankha neti. Tigone panja ngati malo ali otetezeka, koma m'neti. Thupi likatentha tili komweko, kapena patapita sabata imodzi kapena ziwiri tabwerera kwathu, tikayezetse magazi.

GAWO 7: KUYENDA MU MZINDA

Galimoto zambiri zochokera ku maboma zimatsitsa anthu pa siteji ya Romoza. Tikangotsika, anyamata amatizinga. Uyu akukoka thumba, uyu akuitanira njinga, uyu akugulitsa zinthu. Mtima umagunda, mutu umazungulira. Tisathamange. Kuthamanga sikufika. Tisonkhanitse katundu ndi ana, tipite pamthunzi pafupi ndi khoma, timwe madzi, kenaka tiyambe kuganiza.

Quelimane ndi mzinda wa njinga. Popeza ndi wathyathyathya, anthu ambiri amayenda pa njinga zonyamula anthu, zonga kabaza wa kwathu. Njinga zimenezi ndi zambirimbiri ndipo sizimveka pobwera. Palinso njinga zamoto ndi galimoto. Podutsa msewu tiime, tiyang'ane kumanja, kumanzere, ndi kumanjanso. Mwana timugwire pamkono. Tisaoloke tikutulukira kuseri kwa galimoto yoima.

Tisanakwere njinga titchule kumene tikupita ndi kugwirizana mtengo. Mzindawu uli ndi madera ambiri monga Brandão, Coalane, Sangariveira ndi Icídua. Kungonena kuti ndikupita kwa achimwene sikuthandiza. Tionetse pepala lathu lija. Tidziwenso kuti zipatala ndi zingapo. Chipatala chachikulu, Hospital Central de Quelimane, chimene chinatsekulidwa m'chaka cha 2016, chili ku Namuinho, kunja pang'ono kwa pakati pa mzinda. Tiwerenge bwino dzina limene lalembedwa pa kalata yathu kuti tisapite kolakwika ndi wodwala.

Ntchito zathu tizigawe motsata dzuwa. Za ku ofesi, ku chipatala ndi ku msika tichite m'mamawa. Kuyambira 11 koloko mpaka 3 koloko masana tikhale pamthunzi monga amachitira eni mzinda. Poyenda tisankhe mbali ya msewu imene ili ndi mitengo kapena makonde. Pa mzere wa ku ofesi tisinthane ndi mnzathu, wina aime, wina apume. Mzere ukatalika tisapse mtima. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tikasochera tifunse, pakuti safunsa anadya phula. Koma tisankhe womufunsa: mayi wogulitsa pa benchi lake, mwini sitolo, mlonda wa pachipata kapena wapolisi wovala yunifolomu. Anthu amenewa ali pa ntchito yawo ndipo sangatilondole. Tiyambe ndi moni. Mlendo waulemu sagona panjira.

GAWO 8: NDALAMA NDI ANA

Anthu ambiri a mu mzinda ndi abwino ndi othandiza ngati a kwathu. Koma pamene pali khamu, akuba sasowa. Amadziwa kuti munthu wotopa ndi dzuwa sasamala thumba lake.

Ndalama tizigawe patatu. Zochepa zogulira madzi ndi kulipira njinga zikhale pafupi. Zambiri zikhale m'kathumba ka m'kati mwa zovala. Zobwererera kwathu zikhale pazokha ndipo tisazikhudze zivute zitani. Tisatulutse mpukutu wonse pagulu. Amene ali ndi foni angathe kusunga ndalama ku M-Pesa, e-Mola kapena mKesh, koma nambala yachinsinsi isauzidwe munthu aliyense, ngakhale wotithandiza kutapa ndalamazo. Makwacha tisinthiretu ndi kuzolowera maonekedwe a ndalama za metikali tisananyamuke.

Tichenjere ndi akathyali. Wina amagwetsa chikwama patsogolo pathu n'kunena kuti tiyeni paseri tikagawane. Wina amati ndikudziwa akuluakulu a mu ofesi, ndipatseni ndalama ndi chitupa chanu ndikutengereni kalata msanga. Wina amati angathe kuchulukitsa ndalama zathu. Onsewa ndi amodzi. Ndalama za ku ofesi timalipira m'kati, pa windo, ndipo timalandira lisiti. Pogulitsa mbewu tiyezeretu kwathu kuti tidziwe makilogalamu ake, tiwerenge tokha pa sikelo, ndipo thumba lisachoke ndalama tisanawerenge.

Mwana amene amayenda yekha timuphunzitse dzina lake lonse, dzina la mayi ndi bambo ake ndi dzina la mudzi. M'thumba mwake tiikemo kapepala ka nambala ya foni. Polowa mu msika timusonyeze malo oonekera, monga chipata chachikulu, ndi kumuuza kuti tikasiyana aime pomwepo osachoka. Mwana akasowa tisachite manyazi. Tifuule, tiuze ogulitsa ndi oyang'anira msika, tipite ku polisi msanga. Nambala ya foni 116 ndi yaulere, ndipo ndi yothandiza ana amene ali pa mavuto.

Ngati n'kotheka tisayende tokha. Mutu umodzi susenza denga. Wina akamalankhula ndi adokotala, wina asunge katundu. Wina akafooka, wina amutungire madzi.

GAWO 9: MAU A CHIPWITIKIZI OTITHANDIZA

Tiwerenge mokweza, kenaka tilembe m'makope mwathu.

Bom dia: moni wa m'mawa
Boa tarde: moni wa masana
Por favor: chonde
Obrigado: zikomo, akamanena bambo
Obrigada: zikomo, akamanena mayi
Água: madzi
Quanto custa?: Ndi ndalama zingati?
Onde fica o hospital?: Chipatala chili kuti?
Estou doente: Ndikudwala
Socorro!: Thandizeni!

Mau awa timawaona pa zikwangwani:

Entrada: polowera
Saída: potulukira
Perigo: ngozi
Paragem: pokwerera galimoto
Farmácia: kolandirira kapena kogulira mankhwala
Banco de Socorros: kothandizira odwala mwadzidzidzi
Esquadra: ku polisi

MASAMU

Mitengo ili m'munsiyi ndi yongoyerekeza. Mitengo yeniyeni tifunse kwa amene abwera kumene kuchokera ku mzinda.

1. Kuchokera ku Milange kukafika ku Mocuba ndi makilomita 190, ndipo kuchokera ku Mocuba kukafika ku Quelimane ndi makilomita 150. Ulendo wonse ndi makilomita angati? Nanga kupita ndi kubwera?
2. Botolo limodzi limalowa theka la lita. Tifuna mabotolo angati kuti tikwanitse lita imodzi yopangira madzi a mchere ndi shuga?
3. Bambo, mayi ndi agogo ali pa ulendo. Aliyense afuna malita 3 a madzi pa tsiku. Afuna malita angati pa masiku awiri?
4. Tiyerekeze kuti tili ndi metikali 3,000. Kupita ndi 700, kubwera ndi 700. Zotsala zogwiritsa ntchito mu mzinda ndi zingati?
5. Tathira mankhwala m'madzi nthawi ili 6:15 m'mawa. Tiyamba kumwa nthawi yanji?

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Tchulani zifukwa zitatu zimene Quelimane amatenthera kuposa Milange.
2. Kodi mtsuko wadothi ukutiphunzitsa chiyani za thukuta?
3. Mnzathu wagwa pa mzere ndipo akulankhula zosamveka. Tichite chiyani poyamba? Nanga tisachite chiyani?
4. N'chifukwa chiyani khanda la miyezi itatu sitilipatsa madzi ngakhale kutenthe?
5. Ndani mwa ife anapitako ku Quelimane, ku Mocuba, ku Tete kapena ku Limbe? Anaona zotani zimene zingathandize anzake?
6. Kodi m'mudzi mwathu tingathandizane bwanji pamene banja losauka latumizidwa ku chipatala chachikulu?

NTCHITO YOLEMBA

Aliyense atenge pepala. Alembe dzina lake lonse, mudzi wake, mfumu yake, boma lake, ndi dzina ndi nambala ya foni ya wachibale mmodzi. Aphunzitsi aone ngati zalembedwa bwino. Pepalalo tilikulunge m'kapulasitiki kuti lisanyowe ndi thukuta, ndipo tilisunge pamodzi ndi chitupa chathu. Tikafika kunyumba tilembere mapepala otere ana athu, agogo ndi anansi amene sanayambe kulemba, ndipo tiwawerengere Gawo 6 kuti nawonso adziwe chochita munthu akagwa ndi dzuwa.